Musanagule kachipangizo koyimbira nyimbo, funsani kaye kuti nyimbozo zikalowa bwanji

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhuleko za tizipangizo tomvetsera nyimbo, tija timangoti ma MP3, ma iPod, ma Walkman ndi tinzake. Ndikudziwa ena anena kuti abambo awa atsalira, masiku ano aliyense nyimbo amamvera pafoni. Zoona, komatu tizipangizoti sitinathe ayi, tikupezekabe mkaunjika, ena akutumiziridwa ndi abale awo aku Joni ndi ku UK, ndipo ine pabenchi yanga yokonzera mafoni mwezi sutha osabwera munthu atakafumbata kamodzi mmanja nkumati achimwene tandiikireniko nyimbo umu. Nde mmalo momafotokozera munthu mmodzimmodzi ndati bola ndingolemba kamodzi.

Chandiyambitsa ndi mayi ena oyimbitsa kwaya omwe anabwera mwezi wathawu. Anatulutsa mkachikwama ka iPod nano kokongola, kopyapyala ngati bisiketi, kuti wawatumizira mwana wawo wa kunja, dzanja linali atagwira memori khadi yodzaza nyimbo zakwaya, nkumakatembenuza kachipangizoko uku ndi uku kufuna polowetsa memoriyo. Ndinawauza kuti mayi musavutike, palibepo polowetsa, iPod sinakhaleko ndi malo a memori chiyambire. Iwo aaa, nanga nyimbo zimalowera kuti? Ndinati zimadzera pakompyuta, ndiponso osati kungolumikiza basi, pakufunika pulogalamu yake. Ali pomwepo kunabwera mlonda wina wapagolosale ndi kawailesi kake kakang'ono kopanda ndi dzina lomwe, komwe kamalowa memori kumbali, ndinamuikira nyimbo mphindi zisanu sizinakwane wapita akugwedeza mutu. Mayi aja anangomuyang'ana mpaka kukhota.

Nkhani yanga yagona pamenepo. Anthufe tikamagula timayang'ana maonekedwe, dzina ndi ma GB, koma chomwe chidzakusowetse mtendere kapena kukusangalatsa ndi njira yomwe nyimbo zimalowera ndi kutulukira, ndiye kuti pulogalamu yapakompyuta yomwe kachipangizoko kamayendera. Ine izi ndinaziphunzira mkafe ya intaneti komwe ndinagwira ntchito zaka za mma 2008 mpaka 2012, nthawi imene kubena nyimbo kunali ntchito yodyetsa banja ndithu.

Ndiyambe ndi iPod poti ndiyo inali mfumu. Apple inatulutsa yoyamba mu October 2001, ya 5GB, nkumalengeza kuti nyimbo 1,000 zikwana mthumba mwako. Ukawerengetsa zimagwirizana, chifukwa nyimbo imodzi ya MP3 ya mphindi zinayi kapena zisanu imadya ma MB anayi kapena asanu. Yoyambayo imagwira pa kompyuta za Mac zokha, a Windows anaganiziridwa mu 2002, ndipo iTunes, pulogalamu yapakompyuta yoikira nyimbo mu iPod, inabwera pa Windows mu 2003, chaka chomwecho chomwe anatsegula sitolo yawo yogulitsa nyimbo pa intaneti. Kenako kunabwera ka mini, ka shuffle kopanda sikirini mu 2005, ka nano chaka chomwecho, mpaka classic ya 160GB mu 2007 yomwe olo utasonkhanitsa makaseti onse amene anagulitsidwapo mu Limbe sindikhulupirira kuti ungaidzaze nsanga. Kunena chilungamo, kagudumu kaja kozunguza ndi chala palibe anakapose, nyimbo masauzande umazidutsa ngati ukupukuta mbale, ndipo mpaka lero ndikagwira classic yamoyo ndimayamba ndazunguza kaye ndisanayambe ntchito.

Koma iPod ndi iTunes ndi mwamuna ndi mkazi wake, sungakwatire mmodzi nkusiya mnzake. Maganizo a omwe anapanga anali oti munthu ali ndi kompyuta yakeyake kunyumba, nyimbo zake zonse zimakhala mmenemo, iPod ndi kachikwama kongonyamulira. Ukailumikiza, iTunes imafananiza zomwe zili mu iPod ndi zomwe zili mkompyutamo. Kwawoko zimenezi nzabwino kwambiri, umangobaya kebulo nkupita kukasamba, pobwera zonse zalowa. Tsono bweretsani nzeru imeneyo kuno komwe kompyuta imodzi yamkafe imagwiritsidwa ntchito ndi tauni yonse. iPod yozolowera kompyuta ina ukaibaya pa ina, pamabwera kauthenga kofunsa ngati ukufuna Erase and Sync, kutanthauza kuti ifufute zonse zili mkatimo nkuikamo za kompyuta yatsopanoyi. Munthu woti chizungu amangomva yes ndi no, chala chimathamangira pomwepo. Njira yopewera ilipo, umasankha kuti nyimbo uziika wekha pamanja, pamenepo utha kumatenga nyimbo pamakompyuta osiyanasiyana osafufuta kanthu, koma ndani amakuuza zimenezo pogula mkaunjika?

China nchoti khomo lake ndi lolowera lokha. Kuchotsa nyimbo mu iPod kubwezera pakompyuta iTunes simalola, kupatula zomwe unagula kusitolo yawo. Nyimbozo zimakhalamo ndithu, mufoda yobisika yotchedwa iPod_Control, mmatifoda tolembedwa F00, F01, F02 choncho, ndipo mayina amafayilo amasanduka zilembo zinayi zopanda mutu. Anyamata amkafe tinkadziwa kuzivundukula, ena tinkagwiritsa Winamp kapena MediaMonkey kapena ka SharePod mmalo mwa iTunes yomwe inali yolemera pamakompyuta athu okalamba aja, kudawuniloda kokha pa netiweki ya nthawi imeneyo umatha kudya nsima nkubwerako isanathe. Ndiye pali nkhani ya iPod yomwe inafomatidwa pa Mac, Windows siiwerenga mpaka uifomatenso. Onjezani kebulo yake yotakata ija ya mapini 30, ikatayika sungabwereke ya foni ya neba.

Sindikunena kuti anthuwa analakwitsa, anapangira anthu akwawo ndipo anagulitsa mamiliyoni mazanamazana. Mbali ina kunali kuopa makampani a nyimbo omwe amaliralira kuti nyimbo zikubedwa. Nyimbo zogula pa iTunes zinali ndi loko yoletsa kuzikopera mwachisawawa mpaka 2009 pomwe anachotsa.

Pa nkhani ya maloko a Sony ndi amene anafika patali. Awa ndi eni ake a Walkman kuyambira 1979, aliyense wamsinkhu wanga amakumbukira kubweza kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Munthu ukanaganiza kuti nyimbo zikasamukira pakompyuta iwowa ndiye atsogola, koma poti analinso ndi kampani yawo yojambula ndi kugulitsa nyimbo, anachita mantha ndi MP3. Ma Walkman awo oyambirira a digito samayimba MP3 mwachindunji, amafuna mtundu wawo wotchedwa ATRAC, nde pulogalamu yawo ya SonicStage imayenera kutembenuza nyimbo iliyonse kaye isanalowe, ndipo poyambirira imachita kuwerenga kuti nyimbo imodzi waitumiza kangati, malire katatu. Tangoganizani nyimbo yako yomwe, CD unagula wekha, pulogalamu nkumakuwerengera ngati mwana wopatsidwa shuga. Anadzafewa pambuyo pake, MP3 anailola cha mma 2004 kumapeto, ndipo pofika 2007 anatulutsa ma Walkman omwe umangokoka nyimbo nkuponyamo, sitolo yawo yogulitsa nyimbo pa intaneti ya Connect nkutsekedwa mu 2008. Koma apo nkuti msika utapita kale. Zachisoni, chifukwa kumbali ya kamvekedwe ine khutu langa limakonda Sony, besi yake ndi yonona, batire limakhalitsa. Nde mukapeza Walkman mkaunjika yang'anani nambala yake kumbuyo, ikayamba ndi NWZ tengani, imeneyo siifuna SonicStage.

Microsoft nayo inayesako ndi Zune mu 2006. Kuno sinafike kwenikweni poti imagulitsidwa ku America, kenako ku Canada, ine ndinagwirapo imodzi yokha moyo wanga wonse. Inali ndi nzeru ina yomwe ikanatikomera ife okonda kugawana, yotumizirana nyimbo popanda kebulo, koma nyimbo yolandirayo umaimvera katatu kapena masiku atatu basi kenako yatsekeka. Pa 31 December 2008 ma Zune a 30GB anauma onse tsiku limodzi chifukwa kawotchi kamkati kanasokonezeka ndi chaka cha masiku 366, anthu anachita kudikira chaka chatsopano kuti adzuke kkkk. Anasiya kupanga mu 2011. Imeneyi olo akupatseni yaulere ganizani kawiri, popanda pulogalamu yake ndi chokongoletsera pa kabati.

Tsono kwa ine katswiri weniweni wa moyo wathu uno kanali ka SanDisk Sansa Clip, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi kopanira pamalaya. Kanatuluka mu 2007, ndipo Clip+ ya 2009 inabwera ndi polowetsa memori khadi. Ukakabaya pakompyuta iliyonse kamaoneka ngati fulashi, ukoka foda nkuponya, wamaliza, ukafuna kuchotsa uchotsa, kebulo yake ndi USB wamba. Kali ndi wailesi ya FM komanso kojambulira mawu. Wailesiyo musaipeputse a Mkonzi, munthu wakuno amafuna mpira Loweruka masana, nkhani, ndi mauthenga amaliro, pomwe iPod inadikira mpaka nano ya 2009 kuti ikhale ndi FM mkati. A Creative nawo anali ndi ka MuVo komwe umachita kusolola ngati fulashi, koyendera batire limodzi la AAA, kumudzi kopanda magetsi kameneko ndiye kanali ndiwo. Ndipo poti tonseti timasunga nyimbo mu memori osati mu hard disk yozungulira ngati ya iPod classic, olo ukwere kabaza msewu wamabampu palibe chimaonongeka.

Pali anyamata ena anzeru padziko lapansi omwe analemba pulogalamu yaulere yotchedwa Rockbox, yomwe umaika mkati mwa kachipangizo mmalo mwa yomwe kanabwera nayo. Imagwira pa Sansa ndi ma iPod ena akale, ndipo iPod ya Rockbox imasiya mwambo wonse uja, umangoponyamo mafoda ngati fulashi. Koma si ma iPod onse amalola ndipo si ntchito yoti muyese nokha Lamulungu masana ngati simunazolowere.

Musaganize kuti ndikungotamanda chilichonse cholowa memori. Ineyo ndinapsapo. Chaka china ndinagula mtauni ka MP4 kaja kosadziwika kwawo, kotengera maonekedwe a nano, pabokosi palembedwa 8GB, mtengo wake wochita kukunyengerera. Pakompyuta kamaonetsadi 8GB. Ndinaikamo nyimbo usiku wonse, za reggae zathu zakuno, zauzimu, za rumba, ulendo wa ku Mzuzu mmawa mwake. Tisanafike ndi pa Ntcheu pomwe nyimbo zayamba kudumpha, zina kungoti format error, kufufuza bwino mkati munali 1GB yokha, kachipangizoko anachita kukaphunzitsa kunama, nyimbo zatsopano zimangolembedwa pamwamba pa zinzake. Wogulitsa uja nditabwerera anangoti bwana mwaikamo vailasi nokha. Makanema nawo kamafuna a mtundu wa AMV, otembenuzidwa ndi kapulogalamu kobwera pa ka CD kakang'ono kamene theka la mawu ake linali mchitchaina. Bodza lomwelo lilipo mpaka lero pa mamemori khadi otchipa, nde amene muli ndi kompyuta pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamadzaza memori yonse nkuwerenganso kuti kaone ngati ma GB olembedwawo alipodi. Ine memori yokayikitsa siidutsa pabenchi panga osayezedwa.

Vuto lachiwiri la khomo lotseguka ndi loti amalowa ndi akuba omwe. Amene munagwirapo fulashi zaka zimenezo mukukumbuka vailasi ija yosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut, munthu nkumalira kuti nyimbo zanga zonse zapita pomwe zangobisidwa. Kachipangizo kooneka ngati fulashi kamatenga matenda pakompyuta iliyonse yomwe kagonapo.

Koma chachitatu ndi chomwe chimandiwawa kwambiri, ndipo apa ndiye ndimavulira chipewa iTunes. Pulogalamu ija imakukakamiza dongosolo. Nyimbo iliyonse imayenera kukhala ndi dzina lake, woyimba, chimbale, chaka, chifukwa iPod imasanja potengera zimenezo osati mafoda, ukapanda kulemba zonse zimakaunjikana pa Unknown Artist nkumachita manyazi wekha. Ife a kokani-ponyani tinapeza ufulu nkutaya mayina. Tsegulani memori ya munthu aliyense lero muone, Track 01, Track 01 ina, AUD-2023 chakutichakuti ya pa WhatsApp, ina dzina lake ndi nambala yafoni ya mnyamata wobena, ina mkati mwa nyimbo DJ akukuwa dzina lake. Mwana akukula akuyimba nyimbo osadziwa anaipeka ndani. Ndinafunsapo kamnyamata kena kuti nyimbo ukuyimbayi ndi ya ndani, kanati ndi ya mmemori. Oyimba wathu ndalama sanaione, ndiye dzina lomwe alandidwenso? Nthawi ya makaseti a kwa O.G. Issa chikuto chimakhala ndi chithunzi, mayina a nyimbo, nthawi zina ndi oyimba magitala omwe. Ndikudziwa kuti COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo, ilipo kuyambira 1992 ndipo lamulo la 2016 linabweretsa kandalama kodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa mdziko kuti kazipita kwa eni nyimbo, chimenecho nchabwino, koma dzina la woyimba mufayilo silingalembedwe ndi lamulo, ndi ntchito ya ifeyo obena ndi oyimba eni ake. Inu oyimba, musanaponye nyimbo pa WhatsApp kapena kuipereka kumasamba odawunilodako, uzani wakusitudiyo alembe dzina lanu mkati mwa fayilo, osati pa dzina lakunja lokha lomwe aliyense atha kusintha. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri pa kapulogalamu ngati Mp3tag, olo pa Windows pomwe ukadina kumanja nkupita pa Properties zimatheka.

Wina afunsa kuti nanga zonsezi zikutikhudza bwanji poti Apple inasiya classic mu 2014, nano ndi shuffle mu 2017, iPod touch yomaliza mu 2022, ndipo iTunes yomweyo pa Mac anaiphwanya zidutswa mu 2019. Zikutikhudza chifukwa ndewu ija sinathe, yangosamukira mufoni. Mbali ino kuli memori khadi, Bluetooth, Xender ndi VLC yomwe imayimba chilichonse ungaipatse, ameneyo ndi mdzukulu wa Sansa. Mbali inayo kuli Spotify, Apple Music, Boomplay yomwe imabwera kale mmafoni a Tecno, itel ndi Infinix, amenewa ndi adzukulu a iTunes, mayina onse ali mmalo mwake, zithunzi za zimbale, kusaka nyimbo sikuvuta, woyimba amalandirako kenakake olo kachepe. Koma nyimbo yomwe wadawuniloda pa Spotify si yako, siituluka mu app, sungaitumize kwa mnzako kapena kuiika mu memori ya musipika, umayenera kukhala wolipira mwezi ndi mwezi, ndipo pakatha masiku 30 usanalowe pa intaneti imatsekeka. Ndi SonicStage yovala suti basi. Kwa amene ali ndi WiFi kuntchito ndi khadi yakubanki palibe vuto, koma wa bandulo ya tsiku limodzi aziwerengera bwino.

Ndiye bwanji osangomvera pafoni basi? Ambiri zimawakwanira. Koma magetsi akathima kuyambira mmawa umayamba kuumira batire la foni ngati mchere wa mwezi wa January, pomwe ka Clip kabwinobwino kamayimba maola opitirira khumi foni ili phee kudikira ma call ofunika. Wothamanga mmawa, mlonda wausiku, mayi wapamsika yemwe safuna kutulutsa foni yodula pagulu, agogo omwe amangofuna nyimbo zawo zamchitsitsimutso popanda kusokonezedwa ndi mauthenga, onsewa kachipangizo kapadera kamawathandiza. Kungoti pogula funsani, kodi ndikakabaya pakompyuta ya wina aliyense kaoneka ngati fulashi? Memori imalowa? Kebulo yake ndikaipeza pamsika? Batire likafa limasinthika? Pa ma iPod akale funso lomalizali ndi lalikulu, batire linamatiridwa mkati ndipo lambiri latopa ndi zaka, ka nano likafufuma limakankha sikirini mpaka kuoneka kadontho kakuda. Ndipo inu abale akunja amene mumatitumizira mphatso, tikuthokoza ndithu, koma muziyamba mwafunsa ngati kumudzi kuli kompyuta, ndipo kebulo musamaiwale mdirowa.

Za mayi akwaya aja, sindinawabweze. Nyimbo zawo zambiri zinali zojambula pa WhatsApp, mawu a soprano payekha, alto payekha, ndipo mafayilo amtundu umenewo iTunes siiwadziwa, nde ndinayamba ndawatembenuza kukhala MP3 imodziimodzi, kenako tinakhala pansi iwo akunditchulira dzina la nyimbo ndi amene anaipeka ine ndikulemba, zina amachita kuyimba kaye kuti akumbukire mutu wake, makasitomala ena mpaka kuyankhira. Zinatitengera masana onse. Titamaliza anazunguza kagudumu kaja nkuona nyimbo zonse zandandalikidwa bwinobwino, Alto payokha, Tenor payokha, anaseka nkunena kuti koma mwana uja amandikonda. Pano amabwera Lachisanu lililonse kudzaonjezera zatsopano, kebulo amaisiya kwa ine kuopa adzukulu, ndipo sabata yathayi anabwera ndi memori khadi ija kuti nayonso ndiilembe mayina, muli ma Track 01 okwana khumi ndi anayi.

Ine wokonza mafoni,
Zomba